Cigwa ca Fish River, Kumene Mtsinje Unakumba Dziko

Kum'mwera kwa dziko la Namibia, kufupi ndi malire a South Africa, kuli cigwa cimene anthu a maiko akutali amatayirapo ndalama zambiri kuti akangociona ndi maso. Dzina lake ndi Fish River Canyon. M'litali mwake ndi makilomita 160, pena cimatambalala kufikira makilomita 27, ndipo pozama kopambana pali mamita 550 kucokera pamwamba kufika pamadzi. Ife a kuno ku Zambia njira sitisowa: ulalo wa pa Zambezi pakati pa Sesheke ndi Katima Mulilo unatsegulidwa mu 2004, ndipo msewu wa tala umafika ku Windhoek ndi kupitirira makilomita ena 500 mpaka ku Keetmanshoop. Patsogolo pake mpamene fumbi limayamba.

Cinatidabwitsa poyamba ndico kuti cigwaci sicicenjeza munthu. Amene anatsikapo kupita ku Luangwa adziwa kuti mapiri ndi mitengo zimayamba kukuuzani mukali kutali kuti cigwa cayandikira. Kumeneku ai. Dziko ndi lathyathyathya, la miyala yokhayokha, pena ndi pena pataima mtengo wa kokerboom, umene anthu a mtundu wa San anali kuboola nthambi zake ndi kupanga maphodo a mivi. Titalipira pa cipata ca Hobas tinayenda makilomita 10 m'motoka, ndipo mwadzidzidzi nthaka inangotha. Patsogolo pathu panali phompho, ndi pansi penipeni kamtsinje kokhotakhota kooneka ngati ulusi.

Mukayang'anitsitsa muona kuti zigwa ndi ziwiri, cina m'kati mwa cinzake. Capamwamba, cotambalala, cinapangika kalekale pamene nthaka inang'ambika ndi kutitimira. Capansi, copanikiza, anacikumba ndi madzi. A mtundu wa Nama, eni dziko, ali ndi nthano yao yakuti cinjoka cacikulu cinakumba makhotakhota amenewa pothawa alenje. Munthu akaima pamenepo sangaiseke nthanoyo, pakuti nkobvuta kukhulupirira kuti nchito yotere inagwiridwa ndi mtsinje umene miyezi yambiri ya caka suyenda nkomwe. Mvula ya kumeneko sikwana mamilimita 100 pa caka, pamene ku Chipata timalandira pafupifupi 1,000. Mtsinje umasefukira kumapeto kwa dzinja, kenaka kumatsala maiwe okha. Ndipo madzi ocepawo anthu anayamba kale kuwatseka kumtunda: damu la Hardap kufupi ndi Mariental, ndi la Neckartal limene linatha kumangidwa mu 2019. Alimi a kumeneko ali ndi cifukwa cofunira madzi, sitikana. Koma mbidzi, ngoma, zinkhoma ndi anyani za m'cigwa zidalira maiwe omwewo.

Mlendo wa tsiku limodzi saloledwa kutsikira pansi. Ena amadandaula kuti afika kutali cabe, koma ife tiona kuti lamuloli nlanzeru, cifukwa pansipo pamatentha koopsa ndipo anthu anafapo. Ofuna kuyenda m'cigwa amalembetsa kukali nthawi, amaonetsa kalata ya dotolo, ndipo sayenda ocepera atatu. Njira imatsegulidwa m'miyezi yozizira yokha, kuyambira May kufika pakati pa September. Ulendo wake ndi wa makilomita oposa 80, masiku anai kapena asanu, cakudya ndi zofunda zili kumsana, kugona pamcenga, kumwa madzi a m'maiwe. Mulibe sitolo, mulibe cipatala. Wothyoka mwendo amadikira kuti anzake akaitane thandizo.

Oyenda pansiwo, akayandikira kumapeto, amapeza manda a msilikali wa ku Germany, Thilo von Trotha, amene anaphedwa mu 1905. Mandawo alembedwa pa mapu a alendo, ndipo ambiri amajambulapo zithunzi. Koma nkhani yake njokulirapo. Kuyambira 1904 kufika 1908 a Herero ndi a Nama anamenyana ndi atsamunda a ku Germany, ndipo a Nama anabisala m'mapanga ndi m'zigwa za dera lomweli cifukwa anali kudziwa kumene madzi apezeka. Mtsogoleri wao wina, Cornelius Frederiks, anafera m'ndende ya pa Shark Island ku Lüderitz mu 1907 pamodzi ndi anthu ake ambirimbiri. Boma la Germany linabvomera mu 2021 kuti zimene zinacitika m'zaka zija kunali kupulula mtundu wa anthu. Mlendo amene angowerenga dzina la pamanda aja wamva mbali imodzi ya mlandu.

Njira imathera ku Ai-Ais, makilomita ambiri kum'mwera, kumene ife tinafikako pa motoka. Dzinali m'cinenero ca a Nama litanthauza madzi otentha ngati moto, pakuti pali akasupe a madzi ofika madigiri 60. Amene anaimapo pa Chinyunyu, pa msewu wa Great East, adziwa za mtundu wake. Kuyambira 2003, pamene Sam Nujoma ndi Thabo Mbeki anasaina pangano, malowa analumikizidwa ndi Richtersveld wa ku South Africa kukhala paki imodzi, mtsinje wa Orange uli pakati. Madzulo tinaona gulu la oyenda pansi likutulukira m'cigwa, nkhope zitapsa ndi dzuwa, ena akutsimphina. Palibe anayamba wafunsa za cakudya. Onse anakhala pansi ndi kuyamba kumasula nsapato.