Kuyendetsa Alendo M'mbali mwa Nyanja

Munthu akandiimbira foni kuti ndimuyendetse m'mbali mwa nyanja kuchokera ku Mangochi mpaka ku Karonga, za mtengo zimabwera pambuyo. Ndimayamba ndafunsa kuti ali ndi masiku angati, komanso m'galimoto mudzakhala ndani. Ulendo wa banja lomwe lili ndi khanda ndi agogo sukonzedwa mofanana ndi wa achinyamata ofuna kusambira tsiku lonse. Ntchito yanga ndi kuyendetsa alendo, akunja ndi akonkuno, ndipo gawo lake lalikulu limachitika injini isanalire. Ndimakhala pansi ndi kope ndi bolopeni, n'kudula ulendowo m'zigawo: pogona, podyera, pothira mafuta, ndiponso popatukira.

Popatukira m'pamene pali luso lenileni. Ambiri sadziwa kuti msewu wa M5, womwe timautchula kuti wa kunyanja, nthawi zambiri nyanjayo suionetsa. Pa mapu umaoneka kuti wamamatira madzi, koma ukagwira chiwongolero kuchoka ku Salima kulowera kumpoto, zomwe umaona ndi minda ya chinangwa, madambo a mpunga, mitengo ya mango, mizikiti ndi timagolosale. Nyanja ili kuseri kwa midzi, chakum'mawa. Amene amangothamanga kuti akagone ku Mzuzu tsiku lomwelo amafika msana ukuwawa, nyanja ataiona mwa apo ndi apo. Kuti mlendo aione, ayenera kusiya tala, kulowa timisewu tafumbi topita kumadoko, kutsika m'galimoto n'kuvula nsapato. Zimenezi zimadya nthawi, ndipo nthawiyo ndimaipatuliratu m'kope muja.

N'chifukwa chake tsiku ndimaliyeza ndi dzuwa. Kuno kumada cha m'ma 6 koloko, ndipo mu June mdima umafulumira kuposa pamenepo. Lamulo langa n'lakuti ikamakwana 4 koloko masana tikhale tafika pogona. Usiku msewu wa kunyanja sindiuyenda, ngakhale mlendo achonderere bwanji. Madzulo anthu amadzaza m'mbali mwa tala pochokera kumsika, akabaza alibe nyale, mbuzi zimagona pa tala chifukwa pamafunda, ndipo thiraki yowonongeka imangoikidwa nthambi za mitengo kumbuyo. Makilomita 250 pa tsiku pa msewu umenewu ndimawayesa ochuluka kale.

Kolowera kunyanja nakonso n'kosankha. Wochokera ku Blantyre ndimamudutsitsa ku Zomba ndi ku Liwonde pa M3 mpaka ku Mangochi. Wochokera ku Lilongwe ali ndi njira ziwiri. Ya M14 imamufikitsa ku Salima, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, ndipo ndi yabwino kwa munthu wa masiku ochepa. Koma ngati ulendo uyambira kummwera kwa nyanja, ndimadzera ku Dedza n'kutsikira ku Golomoti pa msewu wa Khwekhwelere. Makona ake ndi ambiri, koma uli pamwambapo chigwa chonse chimayalika m'munsi, ndipo amisiri a m'njiramo amasema tigalimoto ndi tinjinga tamatabwa tomwe ana sachoka asanagule. Munthu wochita chizungulire m'galimoto ndimamukhazika kutsogolo.

Pa Mangochi sindichedwapo. Timaima pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, pomwe pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria ndi mfuti ya sitima ya Gwendolen, yomwe inagwira ntchito pa nyanjayi pa nkhondo ya 1914. Theka la ola limakwana. Komwe ndimafuna kuti tikagone usiku uwiri ndi ku Cape Maclear, m'mudzi wa Chembe, m'kati mwa Lake Malawi National Park yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa pa mndandanda wa UNESCO mu 1984. Chifukwa changa n'chapafupi. Gombe lathu lalikulu limayang'ana kum'mawa, choncho dzuwa limatulukira m'madzi n'kukalowera kumapiri. Ku Chembe gombe latembenuka, ndipo dzuwa limalowera cha kumadzi, kuseri kwa zilumba. Wofuna kuona zimenezi aonere komweko, popeza kumtunda konseko adzafunika kulawirira m'mamawa.

Palinso chifukwa china chomwe ndimakondera kuyenda cholowera kumpoto. Amishoni a Livingstonia anayambira ku Cape Maclear mu 1875, ndipo manda awo akadalipo. Malungo atawasautsa anasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako Robert Laws anakwera nawo phiri la Khondowe mu 1894. Mlendo amene waima pa manda a ku Cape Maclear, n'kudzalowa m'tchalitchi chakale cha ku Bandawe, akamafika pamwamba pa Khondowe amamvetsa yekha chomwe anthu aja ankathawa m'chigwa. Ukayenda chobwerera, nkhaniyo umaiyambira kumapeto.

Pochoka ku Cape Maclear timadutsa M10 kukakumana ndi M5, ndipo pa Mua sindipalumpha. Mishoni ya pamenepo inayamba mu 1902, ndipo likulu la Kungoni, lomwe Bambo Claude Boucher anakhazikitsa mu 1976, limasunga mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao, kuphatikizapo zigoba zochuluka za Gule Wamkulu. Amalawi anzanga ambiri amandiuza kuti, "Achimwene, tiyeni tipitirire, zimenezo timazidziwa." Ndimawapempha ola limodzi lokha. Amene amavutanso kutuluka m'nyumba zija ndi omwewo.

Ku Salima ndimadzaza thanki, ngakhale ikhale ndi mafuta ambiri. Dziko lino mafuta amasowa nthawi zina mosachenjeza, ndipo pa M5 malo omwetsera ndi otalikirana. Ndikaona pampu ikugwira ntchito pa Salima, pa Nkhotakota, pa Dwangwa kapena pa Chintheche, thanki ikangotsika kufika pa theka, ndimathira. Matayala ndimawayang'ana m'mawa uliwonse, sipeya ndi jeke ndimaziona ndi maso anga, ndipo mapepala a galimoto amakhala pafupi chifukwa marodibuloko ndi ambiri. Kwa apolisi ndimatsitsa galasi n'kuyamba ndine kupereka moni. Ulemu umenewu sunandichedwetsepo.

Chigawo chochokera pa Kaphatenga kukafika ku Nkhotakota, makilomita opitirira 100, ndiye chomwe chimayesa dalaivala. Mitsinje yonse yochokera kumapiri imathira m'nyanja podutsa msewu umenewu, kotero milatho ndi yambiri, ina yongokwana galimoto imodzi. Woyamba kufika ndiye amawoloka, koma ndikaona basi kapena thiraki kutsidya ndimaima, ngakhale ndikhale woyamba. M'mbali mwa tala munadyeka, ndipo mukamapatsana njira tayala limatha kugwera m'munsi. M'nyengo yadzinja, kuyambira December mpaka March, milatho ndi makalavati zimakokoloka. Nthawi imeneyo mapu a pa foni sindiwakhulupirira. Ndimaimbira madalaivala a minibasi omwe adutsako m'mawa womwewo, kapena kupita pa siteji n'kufunsa kuti, "Kutsogoloku kuli bwanji?" Yankho lawo limandiuza ngati tipitirire kapena tizungulire ku Kasungu pa M1.

Pa mlatho wa Chia, pomwe thamanda la Chia limalumikizana ndi nyanja, anyamata amanyamula nsomba m'mwamba kuonetsa odutsa. Ndimaima, koma nsomba yaiwisi timagula pokhapokha ngati pogona pali pafupi. Dzuwa la kunyanja silichedwa kuiwononga, ndipo n'chifukwa chake mumaona anthu ataimangirira kunja pa galasi la galimoto kuti izipitidwa mphepo. Ya lero imadziwika ndi maso owala ndi makha ofiira.

Nkhotakota ambiri amangoiyesa pothirira mafuta, ndipo zimandipweteka. Tauniyi inali doko la a Jumbe, pomwe akapolo ankakwezedwa m'zombo kuwoloka nyanja kupita kugombe la Indian Ocean, ndipo mkuyu womwe amati David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe mu 1863 ukadalipo. Ndimaimika galimoto pamthunzi n'kuwasiya alendo ayende okha pang'ono. Kumtunda kwake kuli nkhalango ya Nkhotakota, yomwe African Parks inayamba kusamalira mu 2015, ndipo njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017. Mtsinje wa Bua, womwe mpasa umakwera kukaswana, umadutsa momwemo. Pa Nkhotakota m'pogona, ndipo chakudya chake ndi kondowole wa usipa kapena kampango. Alendo ndimawachenjeza kuti asasambire pamathiriro a mitsinje kapena m'mabango, chifukwa ng'ona ndi mvuu zimakonda malo otere, ndipo m'madzi osayenda ndi momwe mumakhala nkhono za likodzo.

Pa Dwangwa ndimangochepetsa liwiro chifukwa cha zimagalimoto zonyamula nzimbe. Ukangowoloka Dwambazi, mapiri amayandikira, msewu umasendera kumadzi, ndipo wafika kwa Atonga. Mchenga woyera wa ku Kande ndi ku Chintheche ndi woyenera masiku awiri osakhudza galimoto. Amene wabwera pakati pa May ndi August ndimamuuziratu za mwera, mphepo yomwe imautsa mafunde aakulu mpaka asodzi kusiya mabwato pamtunda. Ulendo wa pa boti nyengo imeneyo timauika m'mawa kwambiri, ndipo mwini boti akakana, nkhani yathera pomwepo. Nthawi zina pamwamba pa madzi pamaima chinthu chonga utsi wa moto wolusa. Ndi nkhungu, tizilombo touluka tomwe anthu amatchera n'kuphika.

Kenako timadutsa m'mitengo ya labala ya ku Vizara, komwe ana amagulitsa mipira yopangidwa ndi utomoni wake, n'kutsikira ku Nkhata Bay. Ngati mlendo akufuna kuona Ilala, sitima yomwe yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951, ndimafunsiratu kudoko tsiku lomwe ifike, n'kuwonjezerapo nthawi, popeza za pa madzi zimayendera mphepo ndi katundu.

Kuchokera pano msewu umaisiya nyanja n'kukwera ku Mzuzu, makilomita osakwana 50. Ku Mzuzu n'komwe timatapa ndalama kubanki, kuonetsa galimoto kwa makaniko ndi kuvala majuzi. Mawa lake timalowa M1 kudzera ku Ekwendeni, kutsata mtsinje wa South Rukuru, mpaka pa Chiweta. Palibe malo ena pa ulendo wonsewu pomwe nyanja imaonekera m'galimoto monga pano. Umakhota kona imodzi, madzi n'kudzaza galasi lonse, mapiri a ku Tanzania akuoneka kutsidya kukakhala koyera. Koma dalaivala saloledwa kuyang'ana. Mtsetse wake ndi wautali, matankala ochokera ku Dar es Salaam amakwera mokwawa n'kudya mbali yako pa makona, ndipo amene amatsika atapondereza buleki amafika pansi ikununkha kapena itasiya kugwira. Ndimatsika ndi giya yachiwiri, ndipo ndimaima pamalo otambasuka okha kuti alendo ajambule. Magalasi ndimatseka chifukwa cha anyani.

Pa Chitimba pali chisankho chomaliza. Msewu wa Gorodi wokwera ku Livingstonia, pa Khondowe paja, uli ndi makona 20 opindika kotheratu, ndi wamiyala, ndipo mvula ikagwa sindiuyesa. Galimoto yotsika timaisiya pansi n'kukwera ya eni dera omwe amauyenda tsiku ndi tsiku, apo ayi timalowera njira ya kumtunda yochokera mbali ya Rumphi. Pamwamba pali mathithi a Manchewe, tchalitchi, ndi Stone House momwe Laws ankakhala.

Kuchoka pa Chitimba kudutsa Chilumba mpaka ku Karonga dziko ndi lathyathyathya, lotentha, lodzaza ng'ombe ndi njinga, ndipo nyanja imayenda nawe limodzi kwa nthawi yaitali. Ku Karonga timaona mafupa a Malawisaurus ku nyumba yosungira zakale yomwe inatsegulidwa mu 2004, n'kugula mpunga wa Kilombero wopita nawo kunyumba. Pobwerera sindibwereza M5. Tikafika ku Mzuzu timapitirira pa M1 kudzera ku Chikangawa ndi ku Kasungu, ndipo ngati ndi nyengo yozizira timanyamuka dzuwa litakwera, chifukwa m'mawa chifunga cha pa Viphya chimabisa ngakhale thiraki yomwe ili patsogolo pako.