Filiji ya amayi inafa kawiri

Kwathu ku Likhubula, m'mbali mwa msewu wochokera pa Chitakale kupita ku Phalombe, amayi ali ndi kagolosale kokhala ndi filiji imodzi. Filiji imeneyo ndiyo imatilipirira fizi ife ana awo awiri kuno ku koleji. Alendo otsika ku Chambe, anyamata owanyamulira katundu, ana asukulu obwera kudzaona Dziwe la Nkhalamba, onse amafika kukhosi kuli gwa, ndipo palibe amene amafuna thobwa lofunda.

Pa holide ya Disembala, nthawi ya ziphaliwali magetsi akuthimathima, filijiyo inangoti zii. Mmisiri woyamba anabwera pa njinga yamoto, nati kompuresa yapsa. Anaika ina, n'kuthira gasi, n'kulandira ndalama, ulendo. Tinamutama kuti ndi wachangu. Patangotha milungu itatu kompuresa yatsopanoyo inapsanso.

Wachiwiri anali bambo wachikulire wochokera ku boma. Iwo sanathamangire kumasula chilichonse. Anadula kapaipi, n'kudontheza oyilo pa kansalu koyera, natiuza kuti tinunkhize. Oyiloyo anali wakuda bii, fungo lake loswa mphuno.

"Mayi, kompuresa ikapsa siifa yokha," anatero. Mawaya a mota ya m'kati akatentha kwambiri, oyilo ndi gasi zimawonongeka n'kutulutsa asidi ndi mwaye. Zonyansazo zimayenda ndi gasi n'kukamata m'mapaipi onse. Ukalumikiza kompuresa yatsopano pa mapaipi omwewo, asidi uja amabwerera n'kuyamba kudya zokutira mawaya ake. Ndiye kuti ndalama zoyamba zija tinangotaya m'madzi.

Atatchula mtengo wotsukira mapaipiwo, amayi anagwira pakamwa. "Bambo, ndilipire kutsuka zinthu zoti sindiziona n'komwe?" Kunena zoona, ifenso tinali mbali ya amayi. Tinkanong'onezana kuti apa tikuberedwa masanasana, poti woyamba uja sanatchulepo zotsuka. Koma kansalu kaja kanali pomwepo pa kauntala, ndipo tinasowa chokayankha.

Ntchitoyo inatenga tsiku lathunthu. Anachotsa kompuresa ndi kasefa kogwira chinyezi, pakuti mankhwala otsukira sadutsitsidwa m'menemo. Kapaipi kopyapyala ngati udzu kaja, kamene gasi amapanikizikamo asanalowe kozizira, anangokasintha, ati kukatsuka n'kudzivuta. Kenako anatulutsira filijiyo panja, anavala magalasi ndi magolovesi, n'kumathira mankhwalawo m'mapaipi chigawo ndi chigawo, akuwakankha ndi mpweya wa nayitirojeni wa m'silinda. Ife ntchito yathu inali kugwira botolo kunsonga inayo. Ulendo woyamba zinatuluka zakuda ngati khofi, wachiwiri ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo anapitiriza mpaka zinatuluka zoyera mbee.

Ali pa ntchito anatiuza kuti kale amisiri ankatsukira R-11, yemwe ankayeretsa bwino n'kuuma msanga. Koma ndi mmodzi mwa magasi owononga ozoni, chophimba cha mlengalenga chimene chimatitchinjiriza ku cheza choopsa cha dzuwa, ndipo mgwirizano wa ku Montreal wa 1987 unawathetsa. Mayiko ngati lathu anapatsidwa mpaka 2010. Ife za mgwirizanowu tinaziloweza polemba mayeso, osadziwa kuti tidzakumana nazo kuseri kwa golosale ya amayi. Amene analowa m'malo, R-141b, nayenso akuthetsedwa pa chifukwa chomwecho, nchifukwa chake mankhwala a masiku ano ndi okwera mtengo, ndipo ena amangothira petulo. Apa nkhope ya bamboyo inasintha. Petulo amasiya nthunzi m'paipi imene uti uiwotcherere ndi moto. Ena akasowa nayitirojeni amakankhira okosijeni wa kowotcherera, chonsecho okosijeni wopanikizidwa akakumana ndi oyilo amaphulika.

Ataumitsa mapaipi ndi nayitirojeni, anawotcherera kasefa katsopano ndi kompuresa, n'kulumikiza pampu yokoka mpweya. Apa ndi pamene tinatopa, chifukwa panalibe choonerera. Pampu ikungolira, bambo akumwa thobwa, amayi akuyang'ana dzuwa. Anati oyilo woyenda ndi gasi wa R-134a, amene filiji yathu imagwiritsa ntchito, amamwa chinyezi msanga, ndipo chinyezi chikatsala m'kati asidi amayambiranso. Mu mvula ya ku Mulanje si nkhani yochita nayo masewera. Gasiyo anamuthira pa sikelo, magalamu ndendende monga zalembedwera pa kapepala ka kuseri kwa filiji, osati mongoyerekeza ndi dzanja.

M'mawa mwake mabotolo a madzi anali atachita thukuta lozizira. Teremu imeneyo tinabwera kuno ndi theka la fizi, ndipo lina linatitsatira mu Malichi. Botolo la zakuda lija amayi sanalitaye, lili pa shelefu pafupi ndi sopo, ndipo magetsi akathima amathamangira kuzula pulagi, akayaka n'kudikira kaye mphindi zingapo monga anawauzira. Pa foni sabata yatha anati filiji ikuyenda bwinobwino, koma bambo aja anawadulitsabe.