Ojambula a kunyanja amadyera kwina

Wakabaza amene anandinyamula pa depoti ya Mangochi anali ndi kamera m'chikwama cha kumsana. Titafika pa nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, anaimika njinga. "Bambo, sunthirani kuno pang'ono, mfutiyo ioneke kumbuyo kwanu." Ankanena mfuti ya sitima ya Guendolen, imene inachita nawo nkhondo ya 1914 pa nyanja ya Malawi. Nditamufunsa ngati kujambula ndiyo ntchito yake, anaseka. "Kujambula n'chikondi chabe. Ana amadya njingayi."

Ndinakwera minibasi yolowera ku Monkey Bay, n'kutsika pa Makawa. M'mawa mwake pa gombe ndinapeza mayi wina wogula usipa akuyanika pa thandala. Foni yake ndi ya geni: amajambula nsomba n'kutumiza pa WhatsApp kwa makasitomala a ku Limbe ndi Lilongwe kuti agwirizane mtengo. Koma atapitiriza kutsegula, munali zina zimene kasitomala sangazifune: nyali za asiginala zitandandalika pamadzi usiku, chilimira akuchikoka m'bandakucha, alovi ali mtulo m'boti. Ine zinandigwira mtima kuposa zomwe zimapachikidwa m'mahotela. Mlendo nthawi imeneyo amakhala akadali m'bulangete, pomwe mayiyu ali pa gombe kulimbirana ndowa ya usipa.

Ku Monkey Bay, kwawo kwa sitima ya Ilala, ndinacheza ndi mphunzitsi wa pulayimale amene kamera amaigwira Loweruka, pa maukwati ndi pa Eid. Ankakumbukira masiku a filimu, pamene wojambula ankazungulira midzi pa njinga, filimu n'kupita nayo ku Blantyre, anthu n'kudikira masabata. Mafoni anaipha ntchito imeneyo. Zochepa zomwe zatsala, iye anati, zambiri zimapita ku Joni: bambo ali ku Johannesburg atumiza ndalama kuti aone mwana wake atavala zatsopano.

Amene ndinakhalitsa naye ndi mnyamata woyendetsa alendo pa boti m'mudzi wa Chembe ku Cape Maclear. Deralo lili mu Lake Malawi National Park, paki yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna. Tili pafupi ndi chilumba cha Thumbi, mnyamatayo analiza likhweru n'kuponya kansomba. Nkhwazi inachoka mumtengo, inatsika mwaliwiro, n'kukatola pamwamba pa madzi. Mzungu amene tinali naye, ndi kamera yake yaitali ngati musi, anangojambula madzi okhaokha.

"Achimwene, musamayang'ane mbalame, muziyang'ana pomwe nsomba yagwera," anandiuza mnyamatayo. Waponya nsomba zaka zambiri, ndiye amadziwa pamene zikhadabo zikhudze madzi. Vuto lake n'lakuti pa ntchito sangajambule: dzanja lina lili pa injini, lina pa nsomba. Kamera yake, yomwe anamusiyira mlendo wina, imatuluka nthawi ya dzinja alendo akachepa. Pamenepo amagula usipa ndi ndalama zake, mng'ono wake n'kumaponya, mafuta a boti n'kuchita kukongola.