Kucokera ku Zolozolo Kufikira ku Nyanja Yaikuru

Ife okhala ku Zolozolo tiri anthu a kumapiri, ngakhale ambiri a ife aiwala ici cifukwa ca nyumba zocuruka ndi phokoso la galimoto. Mudzi wa Mzuzu unamangidwa pa mapiri a Viphya, mamita ngati 1,250 pamwamba pa nyanja yaikuru, ndipo mwezi wa Juni nkhungu itiphimba kufikira dzuwa litakwera. Munthu wa kuno akati, Ndipita kunyanja, anena za Nkhata Bay, ulendo wosafika makilomita 50, wakuti acoka m'mawa nabwera madzulo ndi usipa. Koma iripo nyanja yina, ya madzi a mcere, imene zombo za ku India ndi ku Ulaya ziyendamo. Ndipo ife anthu asanu ndi anai a mpingo umodzi tapangana kukaiona ku Dar es Salaam. Tasonkha ndalama miyezi yambiri. Mmodzi wa ife ndi aphunzitsi okalamba, amene analozera ana nyanjayo pa mapu zaka zonse za nchito yao osaiona ndi maso. Tsopano maso ao ayamba kucita cidima, ndipo sitikhoza kunena kuti, Tidzapita caka cina.

Pa kupangana kwathu panauka kutsutsana. Anyamata anawerenga makilomita, napeza kuti ali ngati 1,200, nati, Awa ndi masiku awiri okha. Kodi mabasi a amalonda sayenda usana ndi usiku? Ife akuru tinakana, pakuti mapu aonetsa kutalika kwa njira, koma abisa zitunda zace. Njira iyi itsika kawiri, ndipo pakati pace ikwera kuposa kwathu komwe kuno.

Kutsika koyamba kuli m'dziko lathu. Mseu ucoka ku Mzuzu, nupyola Ekwendeni, kumene Misyoni inakhazikika mu 1889, nulowa m'cigwa ca Henga, kutsata mtsinje wa Rukuru. Pamenepo ukwera pang'ono pafupi ndi migodi ya malasha ya ku Mchenga, nugwa pa phiri la Chiweta kufikira m'mphepete mwa nyanja yathu. Pa Chiweta mpamene woyendetsa aonetsa nzeru zace. Iye amene aponda mabuleki kosaleka awatenthetsa, ndipo akatentha sagwiranso, ngakhale awaponde ndi mphamvu yace yonse. Cifukwa cace tapangana ndi woyendetsa wathu kuti adzatsike ndi giya yaciwiri, injini yomwe idziletsa galimoto, ndi kuti malole a malasha ndi matanki a mafuta asawapitirire pa ngodya. M'dzinja miyala ndi dothi zigumuka pa phiri ili, ndi madzi asefukira m'zigwa za ku Karonga. Ndico cace tasankha mwezi wa Julai.

Pofika pa Chitimba, wokweza maso aona phiri la Khondowe, kumene mseu wa Gorodi ukwera ndi ngodya 20. Pano tiyenera kuima pang'ono ndi kulingalira. Amisyoni a Livingstonia anayamba ku Cape Maclear mu 1875, nasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo m'malo monse muwiri anasiya manda a anzao. Pomwepo Dotolo Robert Laws anakwera ku Khondowe mu 1894, kufuna malo ozizira otalikira malungo. Iwo anathawa kunsi nakwera, ife ticoka kumwamba ndi kutsika mwa kufuna kwathu. Ku Zolozolo udzudzu ulipo ndithu, koma sufanana ndi wa kunyanja. Ndiponso malungo saoneka tsiku lomwe munthu walumidwa, koma patapita sabata kapena kuposa, ndiko kunena kuti angatigwire pobwera, pakati pa anthu a cinenero cina, ndalama zitatha. Tsono yense adzanyamula neti yace, ndipo amene aseka lamulo ili atsale.

Tidzagona ku Karonga, makilomita ngati 220 kucokera kwathu, kuti m'mawa mwace tifike pa cipata ca Songwe dzuwa lisanatenthe. Pamenepo afuna pasipoti ya munthu ali yense, makalata a galimoto, ndi inshuwalansi yochedwa Yellow Card. Kutsidya kwa mlatho, pa Kasumulu, ndalama ndi shilingi, cinenero ndi ciSwahili, ndipo nthawi yao itsogolera yathu ndi ora limodzi.

Apa mpamene mapu ananyenga anyamata athu. Iwo anayesa kuti munthu akafika kunyanja yathu watsika kale, kotsalako ncidikha. Iai. Nyanja yathu yomwe iri mamita oposa 450 pamwamba pa inzace, ndipo madzi ace apita kum'mwera, mwa Shire ndi Zambezi, pamene mseu wathu upita kumpoto. Kucokera pa Kasumulu ukwera pakati pa minda ya tiyi ndi nthoci kufikira ku Tukuyu, m'tsinde mwa phiri la Rungwe, limene nsonga yace iri pafupi mamita 3,000. Nukwerabe kupyola mamita 2,000, nutsikira pa Uyole, pafupi ndi Mbeya. Munthu amene anatuluka thukuta m'mawa adzafuna jekete masana. Kumeneko tidzagona usiku waciwiri.

Tsiku lacitatu ndi la dziko lokwera, louma ndi la mphepo, la Makambako. Ndi nkhalango za paini za ku Mafinga, zimene zidzatikumbutsa Chikangawa. Ndipo madzulo Iringa. Tsiku lacinai ndilo la kutsika kwaciwiri, pa phiri la Kitonga, kumene mseu utsata phompho, ndi malole akuru a ku Zambia ndi ku Congo atsika mondondozana, mabuleki ao akununkha. Kunsi kwace kuli cigwa cotentha ca mtsinje wa Ruaha, codzala ndi milambe. Mudzi wa pamenepo auchula Mbuyuni, ndiko kuti, pa mlambe. Patsogolo mseu upyola pakati pa nkhalango ya nyama ya Mikumi, makilomita ngati 50, ndipo njobvu, mbidzi ndi nyamalikiti zioloka monga zifuna. Anyamata anafuna kupyola pano usiku. Kodi tidzalipira mafuta a mtunda wonsewu kuti tipyole nyamalikiti mumdima? Tidzagona ku Morogoro, ndi kulowa m'Dar es Salaam tsiku lacisanu, usana, pamene mlendo akhoza kufunsa njira.

Tsono mtengo wace wa kuyenda kotere suli wocepa, ndipo sitiubisa. Masiku asanu kupita, asanu kubwera, ndi usiku uli wonse ufuna ndalama ya malo ogona. Pothera pace thumba lathu litilola masiku awiri okha kunyanjako. Anyamata ati nzopusa kuyenda masiku khumi cifukwa ca awiri, ndipo mau ao ali ndi kulemera kwace. Koma ife tiyesa kuti aphunzitsi athu, amene msana wao sulola kukhala pa mpando usana ndi usiku, ayenera kufika ali ndi mphamvu ya kuimirira m'madzi ndi kuwalawa. Ndiponso akazi ndi ana amene titi tiwasiye ku Zolozolo anatibwereka, sanatipereke.

Za masiku awiriwo tabvomerezana msanga. Loyamba tidzaona doko, kumene mafuta ndi katundu wambiri wa kumpoto kwa dziko lathu atsikira m'zombo. Laciwiri tidzapita ku Bagamoyo, makilomita ngati 70 kumpoto kwa mudziwo. Kumeneko Susi ndi Chuma ndi anzao anafika mu Februwale 1874 atasenza mtembo wa David Livingstone, amene anamwalira kwa Chitambo mu Meyi 1873. Iwonso anacokera kumtunda kufuna nyanja yomweyi, koma pa mapazi, miyezi isanu ndi inai. Aphunzitsi ati akamwere madzi a mcere pamenepo, si pa doko ai.

Catsala ndi matayala awiri atsopano, ndi mapasipoti a anthu atatu. Ndalama za pobwera taziika m'thumba la pa zokha, ndipo tazipereka kwa amai aja asunga cuma ca cigwirizano, amene anena poyera kuti sadzalimasula kufikira galimoto italoza kwathu.