Ndalama ya ndiwo inathera pa kompyuta ya 1982

Mwezi wathawu, ndalama ya upkeep itangolowa, ndinagula zinthu zitatu zosadyedwa: soldering iron, kampukutu ka solda, ndi kakompyuta kakuda kotchedwa ZX Spectrum. Kakompyutako ndinakapeza ku Limbe, mushopu ina ya katundu wakale wochokera ku Britain. Kanali m'katoni pamodzi ndi maketulo, marimoti opanda TV ndi zingwe zopiringizana. Wogulitsayo ankati ndi kiyibodi ya ana, ndipo sindinalimbane naye. Nditawerengera zonse, ndinapeza kuti ndalama ya ndiwo ya milungu iwiri yapita. Mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi anasuzumira m'jumbomo n'kundifunsa kuti, "Aise, ndiye tizidya mawaya?"

Kwa amene simunaionepo, ZX Spectrum inatuluka ku Britain mu Epulo 1982, yopangidwa ndi kampani ya Clive Sinclair. Ya memory ya 48K, ngati yangayi, inkagulidwa pa mapaundi 175. Mkati mwake muli purosesa ya Z80 yothamanga pa 3.5 MHz, ndipo mabatani ake ndi a labala. Ilibe sikirini, umailumikiza ku TV. Mapulogalamu ankabwera pa kaseti ngati ya nyimbo, ndipo munthu ankadikira mphindi zingapo, uku akumvera kulira kwake, kuti gemu imodzi ilowe. Chithunzi chimodzi chomwe mwajambula ndi foni yanu lero sichingakwane m'memory yake yonse.

Yanga inabwera yopanda adaputa. Pomwe pamalowa magetsi panalembedwa kuti 9V DC, ndiye ndinangotenga adaputa ya rauta yakale, nayonso ya 9V, ndipo pulagi inalowa bwinobwino. Sipanapite masekondi angati, ndinamva kafungo ka chinthu chopserera. Ndinazula msangamsanga, koma zinali zitachitika kale. Ndili chaka chachitatu, ndikuphunzira zamagetsi, ndipo ndinapha kompyuta ya zaka zoposa 40 ndisanaione n'komwe ikuyaka.

Loweruka lake ndinapita nayo kwa madala ena okonza mawailesi ndi ma TV mumsika wa Ndirande. Anaitembenuza, anainunkhiza, kenako anandiyang'ana.

"Munayeza musanalumikize?"

"Ayi, bambo. Ndinangoona kuti zonse ndi 9V."

"Mphwanga, safunsa anadya phula. Mita ikanakuuzani."

Anatenga mita yawo yakale, ija ya kasingano, n'kundionetsa. Pa ma adaputa ambiri a masiku ano, pakati pa pulagi ndi positive. Pa Spectrum pakati pamafunika negative. Ine ndinalowetsa magetsi chosemphana. Chinapsa ndi karegulator ka 7805, komwe kamatsitsa 9V kukhala 5V, pamodzi ndi katransistor kamodzi ka m'dera lomwe limapanga 12V ndi -5V. Magetsi atatu onsewa amafunika ndi timachip 8 ta memory totchedwa 4116, ndipo limodzi likasowa kompyuta siyenda bwino.

Ndinkaganiza kuti andikonzera, ine n'kulipira. Iwo anandipatsa mpando n'kunena kuti, "Si mwati mwagula soldering iron? Chotsani nokha." Apa ndi pomwe ndinachita manyazi enieni. Pa pepala ndimadziwa kuwerengera kutentha komwe regulator imatulutsa, ndipo mayeso ake ndinakhoza. Koma kuchotsa miyendo itatu pa bolodi osang'amba kanjira ka kopa, ndinali ndisanachitepo. Kulabu timakhala ambiri pa benchi imodzi, ndipo kawirikawiri amagwira ndi mmodzi, enafe timalemba manambala. Dzanja langa linkanjenjemera, solda inkaundana ngati phala lozizira, ndipo ndinadziwotcha chala kawiri. Madala aja ankangoti, "Tenthetsani mwendo, osati solda. Dikirani. Tsopano."

Tinatenga Maloweruka awiri, chifukwa transistor yoyenera inavuta kupeza, komanso tsiku lina magetsi anazima tili pakati. Tinasinthanso ma capacitor, poti akakalamba amauma mkati. Titamaliza, tinailumikiza ku TV yawo yakale ya msana waukulu n'kuyamba kusaka tchanelo, popeza Spectrum imatumiza chithunzi pa UHF 36 ngati kuti ndi siteshoni. Mchenga wa pasikirini unachoka, panayera, ndipo pansi panaoneka mawu akuti © 1982 Sinclair Research Ltd. Ndinakuwa mpaka mayi wogulitsa tomato pafupi anatembenuka. Pobwerera ndinagula chinthu chachinayi, multimeter yotchipa yachikasu, yomwe inayenera kukhala yoyamba.

Anthu ambiri a ku Ulaya ndi ku America amene amasaka makompyuta akale, monga Commodore 64 kapena Amiga, amafuna kukumbukira ubwana wawo. Ine ndilibe choti ndikumbukire. Mu 1982 makolo anga anali ana kumudzi, ndipo Malawi inadzakhala ndi wailesi yake ya kanema mu 1999. Kompyuta yodalira TV sinali nkhani yakwathu. Chomwe chinandikoka ine n'chakuti iyi ndi kompyuta yomwe munthu mmodzi angathe kuimvetsa yonse. Ukamasula masikuluwu ochepa, zonse zili poyera. Chip chilichonse chili ndi miyendo yooneka, yoti ungaike mita n'kudziwa ngati magetsi afika. Foni yomwe ili m'thumba mwangamu ndi yamphamvu kutalitali, koma ndi yomata ndi guluu, ndipo miyendo ya machip ake inabisika pansi. Ndimaigwiritsa ntchito tsiku lililonse osadziwa chomwe chikuchitika mkati. Pa Spectrum, zomwe aphunzitsi amajambula pabolodi za address bus ndi data bus zinasanduka tinjira ta kopa toti ndingatsatire ndi chala.

Komabe mnzanga uja sanalakwitse kwenikweni. Kugula zida kumakoma, ndipo kumanamiza munthu kuti akudziwa ntchito. Kompyuta itangoyaka, ndinadzipeza usiku ndikuyang'ana mitengo ya oscilloscope ndi makina a mpweya wotentha ochotsera machip, zinthu zomwe ndilibe nazo ntchito panopa. Chinandibweza ndi tebulo la madala aja. Pali soldering iron imodzi yomanga ndi tepi, mita ya kasingano, mswachi wakale wotsukira mabolodi ndi chitini cha zipangizo zochotsedwa m'mawailesi akufa. Ndi zimenezo amadyetsa banja. Choncho ndadziikira lamulo: sindigulanso chida mpaka ntchito yomwe ili patsogolo panga itakanika popanda chidacho.

Za ndiwo, milungu iwiri ija tinadyadi soya pieces ndi kabichi. Koma mbiri itamveka kuti m'chipinda chathu muli soldering iron, anthu ayamba kugogoda. Ndakonza ma extension atatu, kasipika ka Bluetooth komwe kanaduka waya wa batire, ndi tchaja ya laputopu. Aliyense amasiya kangachepe, ndipo ndalama ya multimeter yabwerera kale. Ya kompyuta ikadali ngongole kwa mimba yanga.

Amayi ataimba foni n'kufunsa chifukwa chomwe ndalama yathera msanga, ndinawauza kuti ndagula zida za sukulu. Silinali bodza, koma za kompyuta ya 1982 sindinatchule. Ndidzawauza pa holide, ndikadzatsegula wailesi yawo yomwe inasiya kulankhula chaka chatha ndipo ili pamwamba pa kabati, yofunditsidwa kansalu. Ulendo uno ndidzayamba ndayeza.

Mnzanga wa mawaya uja, dzulo ndinamupeza atakhala pabedi langa, atalumikiza Spectrum ku TV ya mnzathu wa chipinda choyandikana. Anali atalemba mizere iwiri ya BASIC, ndipo dzina lake linkatsika pasikirini osaleka. Anandifunsa kuti aimitse bwanji. Ndinamuuza kuti ayambe wabweretsa ndiwo.