Kutali Ndi Kuti?

Ife a ku Tsangano ndi ku Macanga timakonda kunena kuti ku Maputo ndi kutali. Ndi zoona. Koma ulendo umayesedwa pawiri: pali makilomita, palinso maola. Tiyeni tiwerengere pamodzi, abambo ndi amayi.

Ku Tete kuli bwalo la ndege lotchedwa Chingodzi. Ndege ikanyamuka pamenepo kupita ku Maputo, imauluka makilomita pafupifupi 1,100. Ulendo wonsewo umatha maola awiri okha. Mayi akatereka nyemba pamene ndege ikunyamuka, adzaphula ndegeyo itatera kale.

Ndege imalunjika ngati mbalame. Siizungulira phiri, siifuna mlatho. Basi siingatero. Ikachoka ku Tete imadzera ku Chimoio, nifika pa Inchope, nikhotera kumwera. Imawoloka mtsinje wa Save, kenaka wa Limpopo pa Xai-Xai. Njira imeneyi ndi ya makilomita oposa 1,500. Basi ikamayenda makilomita 60 pa ola, pafunika maola 25. Kumeneko ndi kuyenda usana ndi usiku, osawerengera nthawi yopuma. Nanga woyenda pansi? Akamayenda makilomita 30 pa tsiku, adzafika atatha masiku 50.

Mizinda ndi yomweyo, Tete ndi Maputo. Koma wina wafika pa maola awiri, wina pa maola 25, wina pa masiku 50.

Tsopano tibwere kwathu. Kuchokera ku Furancungo kukafika ku Tete sipakwana makilomita 200. Pamenepa ndi pafupi. Koma nthawi ya dzinja misewu yathu yadothi imasanduka matope. Lole imatitimira, chapa imabwerera panjira. Wa pandege amafika ku Maputo ife tisanatuluke m'boma lathu.

Tonse taziona zimenezi. Taona mbatata ya kachewere ya ku Tsangano ikuwolera m'matumba podikira galimoto. Taona fodya wa ku Macanga akunyowa m'mbali mwa msewu. Taonanso mayi wapakati atanyamulidwa pa machira usiku, chifukwa galimoto yalephera kufika pamudzi. Kwa mayi ameneyo, chipatala chili kutali kuposa Maputo.

Makilomita sitingawachepetse, koma maola tingathe kuwachepetsa. Kale anthu ochokera kuno ankadikira pantoni kuti awoloke Zambezi polowa mumzinda wa Tete. Mlatho umene lero umatchedwa Samora Machel unatha kumangidwa mu 1973. Wachiwiri, wa Kassuende, unatsegulidwa mu 2014. Mtsinje sunachepe, koma kudikira pantoni kunatha.

Ambiri a ife sitidzakwera ndege, pakuti mtengo wake ndi waukulu. Koma msewu wa pamudzi ndi wathu. Tisalime mpaka m'mphepete mwake. Titsegule ngalande mvula isanayambe. Tikwirire maenje akadali aang'ono. Ntchito imene yatikulira, monga ya mlatho, tikainene kwa amfumu ndi pa misonkhano ya boma, titatchula makilomita ndi maola ake. Mutu umodzi susenza denga.

Mafunso

1. Ndege imatha maola angati kuchokera ku Tete kukafika ku Maputo?
2. N'chifukwa chiyani njira ya basi ili yaitali kuposa ya ndege?
3. Kuchokera pamudzi panu kukafika ku chipatala mumatha maola angati m'chilimwe? Nanga m'dzinja?