Malemu Ankabweza Ntchito Chifukwa cha Dzina

Anzanga amene ankandiunikira ntchito tinawaika m'manda dzinja lapitali. Pobwerera kumaliro ndinangokumbukira zilembo zitatu: len.

Ndinali ndikadali mnyamata, tikusesa driver wina wakale wa kernel ya Linux. Ntchito yosesa ilibe ulemu. Suwonjezera kanthu katsopano, umangochotsa zinyalala ndi kuwongola pokhota. Ndinawapatsa patch yanga, iwo n'kuloza chala pa sikirini. "Achimwene, len ameneyu akuwerenga chiyani? Ma byte kapena ma page?" Ndinati aliyense akhoza kuona yekha akatsika mizere makumi awiri. Anavula magalasi, n'kundiuza kuti wodzawerengayo adzafika pamenepo usiku, makina atagwa, maso ali psuu, ndipo sadzatsika mizere makumi awiri. Ndinasintha kukhala nr_pages. Anandibwezanso kawiri tsiku lomwelo pa maina ena, ndipo ndinapita kunyumba nditakwiya.

Ife kwathu dzina sitipatsa mwana mwachisawawa. Ukamva kuti Mavuto kapena Chimwemwe, wadziwa kale za chaka chimene anabadwa. Malemu ankaona code chimodzimodzi. Ankakonda kusimba za Ken Thompson, amene anayamba Unix ku Bell Labs mu 1969: atafunsidwa chimene akanasintha, anatchula chilembo e chimene anachisiya pa dzina la creat, limene linayenera kukhala create. Kachilembo kamodzi, koma mpaka lero kakadali kosowa, chifukwa dzina likalowa m'mapulogalamu a anthu ambirimbiri silizulika. Dennis Ritchie, mwini chilankhulo cha C, atamwalira mu Okutobala 2011, anzangawo anakhala duu tsiku lonse.

Mu 2021 mtima wawo unatsitsimuka. Matthew Wilcox anabweretsa folio, pofuna kuthetsa chisokonezo cha struct page, imene inkatanthauza page imodzi, nthawi zina gulu la ma page, wowerenga osadziwa kuti ndi chiti. Akuluakulu a kernel anakangana miyezi ingapo, ndipo mbali ina ya mkanganowo inali dzina lenilenilo. Linus Torvalds, amene anayamba Linux, nayenso silinamukomere kwenikweni. Komabe folio inalowa mu Linux 5.16, mu Januwale 2022. Malemu anandiimbira foni, mawu akunjenjemera ndi matenda, kundiuza kuti anthu osamala akadalipo.

Alipodi, sindikana. Koma pafupi ndi ine ndikuona zina. Achinyamata amene ndimawaunikira ntchito amathamangitsa checkpatch, ikapanda kudandaula basi, akuti zatha. Chidacho chimaona mipata ndi kutalika kwa mzere. Sichingakuuze kuti tmp2 sakunena kanthu, kapena kuti data ndi dzina la chilichonse. Ndikabweza patch, ena amaona ngati nkhalamba ikuwachedwetsa.

Sabata yatha mtsikana wina anandibweretsera ntchito yake, ndipo pa mzere wachisanu panali len. Ndinaloza chala pa sikirini, koma mawu anakana kutuluka. Anandiyang'ana, n'kufunsa chapansipansi ngati agogo akudwala.